Nkhope ikakana kutuluka papepala: zolakwika za poyambira ndi makonzedwe ake

Loweruka lililonse masana, pakhonde panga pano pa Mangochi pamasonkhana achinyamata ophunzira kujambula nkhope ndi pensulo. Ena ndi ana a sukulu, ena amapenta zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, mmodzi amachokera ku Monkey Bay komwe amagulitsa zojambula kwa alendo. Dandaulo lawo silisintha. "Achimwene, ndakhalira chithunzichi kuyambira m'mawa. Diso lili bwino, mlomo uli bwino, koma amayi akuti munthuyu sakumudziwa." Ndayankha funso limeneli kambirimbiri, ndiye ndaona kuti bola ndingolemba.

Kawirikawiri chithunzi chotere chimakhala chitaonongeka m'mphindi 10 zoyambirira, mwiniwake osadziwa. Maola otsatirawo amangothera kukongoletsa cholakwika. Amene munaonapo akusema bwato kugombe mukudziwa dongosolo lake: nkhwangwa kaye, kenako kasemasema, kusalaza kumabwera pomaliza. Pa nkhope, ntchito za nkhwangwa ndi ziwiri: kupeza kaumbidwe ka mutu wonse, ndi kugawa nkhopeyo pawiri, kowala ndi kwamthunzi. Zizindikiro zili m'munsimu zimachokera pothamangira ziwirizi. Pa chilichonse ndayamba ndi chifukwa chomwe ndimakumana nacho kwambiri.

## Musanafufute kalikonse, yesani izi

- Tsinzinirani. Tsekani maso pang'ono mpaka nsidze, ziphuphu ndi makwinya zisowe, mutsale ndi zigamba zakuda ndi zoyera. Yang'anani munthuyo chotero, kenako pepala lanu chimodzimodzi.
- Tsamiritsani pepala kukhoma, mubwerere m'mbuyo mamita 2 kapena 3.
- Onani chojambulacho mu kalilole. Diso limazolowera cholakwika chake, koma chithunzi chikatembenuzidwa, kupendekeka konse kumaonekera poyera. Leonardo da Vinci, wojambula wotchuka wa ku Italy, ankalangiza ojambula kuchita zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo.
- Tolani chithunzi chake pafoni, muchiyang'ane chili chaching'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ngati munthuyo sakudziwika ali wamng'ono chotero, nsidze ngakhale zikongole bwanji sizimupulumutsa.

## Chiwalo chilichonse chili bwino, koma munthuyo sakufanana

Ili ndiye vuto la anthu ambiri, ndipo limawawa chifukwa ntchito imakhala itagwiridwa yochuluka.

1. Munayambira pa diso. Pafupifupi onse obwera pakhonde panga amayamba ndi diso lamanzere, kulimaliza mpaka kadontho konyezimira, kenako n'kuyamba kufunafuna poika mphuno. Chiwalo chilichonse chimayezedwa ndi chomwe chamalizidwa kumene, ndipo kulakwitsa kwakung'ono kumanka kukula. Pofika pa chibwano, nkhope yapita kwina. Choipa china, diso lomwe mwalivutikira ola lathunthu simulola kulifufuta, ngakhale mukuona kuti lili pamalo olakwika.

Poyesa: kumbukirani nkhope ya munthu akubwera pa kabaza kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Mumamudziwa asanayandikire, musanaone mboni ya diso lake. Chomwe chimakuuzani kuti ndi uje ndi kaumbidwe ka mutu, tsitsi, ndi zigamba zakuda za m'maso ndi pansi pa mphuno.

Pokonza: tengani pepala lina. Ikani timizere tinayi tokha: pamwamba pa mutu, pansi pa chibwano, ndi mbali ziwiri pomwe mutu wafutukuka kwambiri. Lumikizani ndi mizere yowongoka, isapitirire 10 kapena 12, ngati mukudula mutuwo papepala ndi lumo. Mzere wowongoka umayezeka, mumatha kunena kuti wapendekeka mopitirira. Wokhotakhota umabisa cholakwika. Umu ndi momwe zojambula zophunzitsira za Charles Bargue, zomwe zinatuluka ku France cha m'ma 1860, zinkayalidwira: mbali imodzi chinthu chili m'mizere yowongoka yochepa, mbali inayo chomalizidwa. Wojambula wotchuka Vincent van Gogh anazikopera mobwerezabwereza pomwe ankadziphunzitsa yekha mu 1880 ndi 1881. Pensulo igwireni kumapeto, osati ngati mukulemba kalata, ndipo mizere ikhale yosaoneka kwenikweni.

2. Simunaone kuti mutu wapendekeka. Munthu akakhala pampando sakhala chilili ngati msilikali. Mutu umagwera mbali ina, kapena chibwano chimakwera. Ubongo wathu umauwongola wokha. Gwirani pensulo chopingasa, mkono mutatambasula, diso limodzi lotseka, muyerekeze ndi mzere wa maso ake awiri. Kupendekeka komwe mwakuona, kuikeni papepala monga mtanda: mzere wotsika pakati pa nkhope, wina wodutsa m'maso. Nsidze, pansi pa mphuno ndi pakamwa zitsate kupendekeka komweko.

3. Munajambula lamulo, munthuyo munamuiwala. Ambiri anaonera pa YouTube njira ya Andrew Loomis, wa ku America: mpira wodulidwa m'mbali, nsagwada yolumikizidwa pansi, nkhope yogawidwa patatu, kuchokera pomwe tsitsi layambira kufika pa nsidze, pa nsidze kufika pansi pa mphuno, pansi pa mphuno kufika pa chibwano. Njirayi ndi yabwino, inenso ndimaiphunzitsa. Koma miyezo imeneyi ndi ya munthu wapakatikati yemwe kulibe, ndipo nkhope zomwe Loomis ankajambula zambiri zinali za azungu. Lamulo loti mphuno ifutukuke ngati diso limodzi, pa nkhope zambiri za kuno siligwira. Mukalikakamiza, azakhali anu atuluka ndi mphuno ya munthu wina. Lamulo ligwiritseni ngati ndodo yoyezera: pomwe munthuyo wasiyana nalo, pamenepo ndiye pali kufanana kwake.

4. Pepala linagona patebulo kapena pamiyendo. Mukamayang'ana pepala chopendekera, mumatalikitsa nkhope osadziwa. Mukaliimika, mutu watalika ngati papaya. Lipanikizeni pa thabwa kapena pa katoni yolimba, mulitsamiritse kuti liziyang'anizana ndi nkhope yanu.

5. Chithunzi chomwe mukukopera n'chonama kale. Chithunzi chodzitola wekha pafoni, foni ili pafupi ndi nkhope, chimakulitsa mphuno ndi kubisa makutu. Ngati n'kotheka tolani china mutaima mamita 2, kenako muchikulitse.

## Chipumi chachepa, mutu ukuoneka wophwanyika pamwamba

Chifukwa chake pafupifupi n'chimodzi: maso mwawakweza. Kwa munthu wamkulu woyang'ana kutsogolo, maso ali pakati penipeni pa mutu, kuyeza kuchokera pamwamba pa chigaza mpaka pa chibwano. Anthu sakhulupirira mpaka atayeza ndi pensulo. Timawakweza chifukwa chidwi chathu chili pa maso, mphuno ndi pakamwa, ndiye timazipatsa malo ambiri. Kwa khanda maso amatsika kupitirira pakati.

Kachiwiri, nkhongo yachepa. Munthu akayang'ana kumbali, kuchokera pa chipumi kufika kunkhongo n'kotalika pafupifupi ngati kuchokera pamwamba pa mutu kufika pa chibwano, ndipo khutu lili chapakati pa mtunda umenewo, chakumbuyo pang'ono. Onjezani nkhongo musanakhudze china chilichonse.

## Nkhope yaphwatalala, ilibe kutsogolo ndi kumbali

1. Kuwala kukuchokera mbali zonse. Pano pa Mangochi ili ndi vuto lathu lenileni, ndipo wophunzira amadziimba mlandu pachabe. Khazikani munthu pamchenga wa kunyanja masana: dzuwa likuwomba kuchokera kumwamba, mchenga ukubweza kuwala kuchokera pansi, madzi akubweza kuchokera kumbali. Mthunzi womwe ukanaonetsa kupindika kwa tsaya wadzazidwa. Pansi pa mtengo wa mango si bwinonso, chifukwa masamba amawaza timadontho ta dzuwa pankhope, ndipo timasuntha ndi mphepo. Chakumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale, dzuwa la masana limadutsa paliwombo penipeni kuno kwathu. Nthawi imeneyo maso amasanduka maenje awiri akuda, mthunzi wa mphuno n'kugwera pamlomo, mbali zonse ziwiri za nkhope n'kufanana.

Poyesa: tsinzinirani. Ngati simukutha kuloza ndi chala kuti mthunzi ukuyambira apa, kuwalako sikukuthandizani. Musapitirize.

Pokonza: lowani m'nyumba. Tsekani chitseko ndi mazenera onse kupatula limodzi. Munthuyo akhale pafupi ndi zeneralo, kuwala kumugwere chakutsogolo koma chakumbali, komanso kuchokera chakumwamba pang'ono. Musunthitseni mpaka mthunzi wa mphuno ukumane ndi mthunzi wa tsaya, pansi pa diso la kumthunzi patsale kachigamba kowala ka ngodya zitatu. Ojambula amakatchula ndi dzina la Rembrandt, wojambula wakale wa ku Netherlands, chifukwa kamaoneka kwambiri m'zithunzi zake. Usiku, tochi imodzi kapena nyali ya sola imodzi imagwira bwino ntchitoyi, bola babu la padenga lizimitsidwe.

Mabuku olembedwa ku Ulaya amati zenera labwino ndi loyang'ana kumpoto. Amanena za kwawo. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, ndipo miyezi yambiri, makamaka Juni ndi Julayi nthawi ya mwera, dzuwa limadutsa chakumpoto. Zenera loyang'ana kumwera ndilo limapereka kuwala kodekha, kosasinthasintha. Pakati pa Novembala ndi Febuluwale dzuwa limapendekera kumwera pang'ono, ndiye ingoonani kuti cheza chake sichikulowa mwachindunji. Ndinataya miyezi ndikutsata mabukuwo ndisanazindikire kuti mthunzi ukundithawa chifukwa cha zenera.

2. Simunagawe nkhope pawiri. Kuwala kukakhala bwino, jambulani malire a mthunzi ngati mukujambula gombe la nyanja pa mapu: mzere umodzi wotsika pa chipumi, kulowa m'diso, kuzungulira mphuno, kutsata fupa la tsaya, kufika pa chibwano. Chilichonse chili kumthunzi chipakeni mofanana, kuda kumodzi, ndi mbali ya pensulo ya HB kapena 2B. Diso la kumthunzi, nsidze yake, bowo la mphuno, mlomo wapamwamba, pansi pa chibwano, tsitsi ngati lili lakuda, zonse zilumikizane kukhala chigamba chimodzi. Kowala musakukhudze. Zikuoneka ngati zachibwana, koma pamenepa munthuyo ayenera kuyamba kudziwika. Akapanda kudziwika, konzani kaumbidwe ka chigambacho, nthawi ikadalipo.

3. Mukuopa kudetsa. Mthunzi wotuwa mbuu, wosiyana pang'ono ndi pepala, suumba kanthu. Izi zimachitika kwambiri ndi pensulo yolimba ya H kapena 2H. Sinthani pensulo, osalimbitsa dzanja.

4. Munazungulira chiwalo chilichonse ndi mzere. Mphuno ilibe mzere m'mbali mwake. Ili ngati kabokosi ka machesi: pamwamba, mbali ziwiri, ndi pansi. Mbali imodzi yawala, ina yada, basi. Chimodzimodzi mutu wonse: chipumi, mphuno ndi chibwano zili kutsogolo, ndipo pomwe nsidze yathera nkhope imakhota kulowa kumbali. Tengani katoni ya sopo, muiike pomwe panakhala munthuyo, muone mbali yomwe yada. Pa mutu pazikhalanso chomwecho.

5. Chithunzi cha pafoni chinasalazidwa. Fulashi imapha mithunzi yonse. Mafoni ambiri amawalitsanso okha malo amdima, ndipo zosefera zokongoletsa nkhope zimachotsa kupindika kwa tsaya. Kasitomala akatumiza chotere pa WhatsApp, mupempheni china.

## Nkhope yatuluka mathothomathotho, ngati yadetsedwa

1. Mukukopera kakusintha kalikonse ka kuda. Mukayang'anitsitsa malo amodzi amdima, diso limazolowera n'kuyamba kuona zambiri mkati mwake. Mukasamukira pa malo owala, limazoloweranso. Mapeto ake mumadetsa kowala, kuwalitsa kwamthunzi, zonse n'kusakanikirana. Lamulo lomwe ndimalemba pa thabwa la wophunzira aliyense ndi ili: malo owala kwambiri a kumthunzi akhale akuda kuposa malo akuda kwambiri a kowala. Mabanja awiriwa asakwatirane.

Pokonza: pakani chigamba chonse cha mthunzi kamodzinso mopepuka kuti chigwirizane. Kowala, chotsani timadontho tomwe timasowa mukatsinzinira. Poyambira musapitirire kuda kwa mitundu itatu: kowala, kwapakati, ndi mthunzi.

2. Kuwala kobwerera mwakuwalitsa mopitirira. Pansi pa nsagwada kapena m'mphepete mwa tsaya la kumthunzi mumaoneka kuwala kochokera ku malaya oyera kapena kukhoma lopakidwa laimu. Wophunzira akakuzindikira koyamba amasangalala, n'kukufufuta mpaka pepala liyere. Nsagwada imaoneka ngati yabooka. Kuwala kumeneku ndi mbali ya mthunzi, kumaoneka kowala chifukwa chazunguliridwa ndi mdima. Boolani kabowo pa kapepala koyera, muyang'anire malowo pa kabowoko, mudzadabwa ndi kuda kwake. Poyambira kusiyeni kaye.

3. Malire onse a mthunzi ndi ofanana. Pali mithunzi iwiri. Wina umabwera chifukwa nkhope yapindika kuthawa kuwala, monga pa tsaya ndi pa chipumi, ndipo malire ake ndi ofewa. Wina umagwa kuchokera ku chinthu chotchinga, monga wa mphuno pamlomo kapena wa chibwano pakhosi, ndipo malire ake ndi akuthwa, makamaka pafupi ndi chotchingacho. Mukafewetsa yonse, nkhope isanduka utsi. Mukanola yonse, isanduka chigoba chosema.

4. Chala ndi thukuta. Kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa. Chala chili ndi mafuta ndi thukuta, ndipo chikapaka pensulo chimasiya banga lomwe labala sachotsa. Ikani kapepala pansi pa dzanja. Ngati mukufuna kusalaza, pindani kapepala kukhala kosongoka kapena gwiritsani thonje, koma dikirani mpaka zigamba zikhazikike. Ine ndimaletsa kusalaza kulikonse mu theka la ola loyamba, ndipo ena amandida nazo.

5. Mwafufuta mpaka pepala lasupuka. Pepala la m'kope kapena la fotokope silipirira. Likayamba kutuluka ubweya, malowo amagwira pensulo mosiyana ndi ena onse. Palibe mankhwala. Ikani pepala latsopano pamwamba, mutsamiritse pagalasi la zenera, mukopere mizere yomwe inali bwino. Pofufuta makala ojambulira, mkati mwa buledi wopanda majarini mumathandiza, ndipo ndi zomwe anthu ankafufutira labala asanatchuke cha m'ma 1770. Koma sesani nyenyeswa zonse. Chithunzi china ndinachipeza m'mawa nyerere zitachita msonkhano pa chipumi.

## Munthu wakuda watuluka woyera, kapena wada bii osaoneka kanthu

Pa ichi mavidiyo ambiri a pa intaneti sathandiza, chifukwa amaphunzitsira pa khungu loyera pomwe pepala lenilenilo limaimira khungu. Ife anthu omwe timawajambula tsiku ndi tsiku ndi amayi athu, asodzi, ana a kumadrasa ndi a kusukulu, akhungu lakuda mosiyanasiyana.

1. Mbali yowala mwaisiya pepala loyera. Yerekezani tsaya lowala ndi kolala ya shati yoyera mutatsinzinira. Tsayalo n'lakuda kuposa kolalayo kutalitali. Pokonza, gawani nkhope pawiri monga kale, kenako pakani nkhope yonse, kowala ndi kwamthunzi komwe, ndi kuda kwapakati kofanana. Mthunzi muudetsenso kuti kusiyana kuja kubwerere. Njira ina yomwe ndimaikonda: pakani pepala lonse ndi fumbi la makala mopepuka musanayambe, kapena jambulani pa pepala lakhaki la envulopu yaikulu kapena la thumba la simenti loyera bwino. Kuda kwapakati kumakhala kulipo kale, inu n'kungowonjezera mthunzi ndi kutola kowala ndi labala kapena choko.

2. Kunyezimira mwakuiwala, kapena mwakumwaza paliponse. Pa khungu lakuda, kaumbidwe ka nkhope kamaoneka kwambiri ndi kunyezimira: pa chipumi, pa msana wa mphuno, pa fupa la tsaya, pa mlomo wapansi. Malo amenewa ali ndi kaumbidwe kawo, ndipo ayenera kujambulidwa mosamala ngati mthunzi. Koma munthu wodzola mafuta kapena wotuluka thukuta amanyezimira malo ambiri. Sankhani malo awiri kapena atatu, amodzi okha ndiwo akhale owala kuposa onse. Mukawaika onse mofanana, munthuyo aoneka ngati wapulasitiki.

3. Mwakanikiza pensulo pofuna kuda. Pensulo ikakanikizidwa imayamba kung'anima ngati pansi pa sefuliya, ndipo siidanso kupitirira pamenepo. Pakani mobwereza ndi pensulo yofewa ya 4B kapena 6B mopepuka, kusintha komwe mizere ikulowera. Pofuna kuda kwenikweni, makala amaposa pensulo chifukwa sang'anima. Makala a pambaula ena amagwira, makamaka opepuka a mtengo wofewa. Olimba amakanda pepala, ndiye yesani kaye pambali. Dziwaninso kuti makala sagwira bwino pamwamba pa pensulo yong'anima, choncho ayambe ndi makala.

4. Maso ndi mano mwaziyeretsa mbee. Choyera cha diso chili mkati mwa dzenje, pansi pa chikope, ndipo nthawi zambiri chimakhala chotuwa. Mano ajambuleni ngati chigamba chimodzi chopindika, chodera kumakona a pakamwa. Mukajambula dzino lililonse ndi mzere wake, munthu aoneka ngati waluma chisononkho cha chimanga.

## Mtsikana wa zaka 20 akuoneka ngati agogo

Mwajambula mizere pomwe panali mithunzi yofewa: kuchokera pa mphuno kutsikira ku makona a pakamwa, ndi pansi pa maso. Tsinzinirani, mudzaona kuti mbali yowala mizereyi imatsala pang'ono kusowa. Ichotseni, musiye kachidutswa kokha pafupi ndi mphuno. Ngati sizinathe, onani dzenje la pansi pa fupa la tsaya, mwina mwalidetsa kwambiri. Chomaliza, kuwala kochokera pamwamba penipeni kumakalambitsa aliyense.

## Nkhope yotembenuka pang'ono ikuoneka yopotoka

1. Mzere wapakati mwauika pakati penipeni pa mutu. Mutu ukatembenuka, mzerewo umasunthira mbali yomwe munthu wayang'ana, ndipo umapindika motsata nkhope. Mbali yakutali imachepa.
2. Diso lakutali mwalijambula lalikulu ngati lapafupi. Liyezeni: n'lopapatiza, ndipo nthawi zina mphuno imabisa kona yake yamkati. Theka lakutali la pakamwa nalonso n'lalifupi.
3. Khutu mwalikokera kutsogolo. Mtunda wa pakati pa diso lapafupi ndi khutu umakula mutu ukatembenuka, ndipo ambiri amauchepetsa.
4. Munthuyo wasuntha. Palibe amene angakhale osagwedezeka ola lathunthu. Muuzeni ayang'ane chinthu chimodzi pakhoma, apume mphindi 20 zilizonse, ndipo lembani ndi choko pomwe pali miyendo ya mpando wake ndi wanu.

## Tsitsi, duku kapena chisoti zikuoneka zomata

Pansi pa duku pali chigaza. Jambulani mutu wonse kaye, kenako muuveke. Tsitsi, ndevu, mpango wa amayi achisilamu wozungulira nkhope, chilichonse chili ndi mbali yowala ndi yamthunzi, zotsata kuwala komwe kwagwera nkhope. Musayambe ndi tsitsi limodzilimodzi, malukidwe kapena maluwa a pa chitenje. Ndipo musaiwale mthunzi womwe duku kapena chisoti chimagwetsa pa chipumi. Ukasowa umenewo, chovalacho chimayandama.

## Pomwe muyenera kuima

Siyani pepalalo, muyambe lina, ngati:

- mwasuntha diso limodzi katatu koma silikukhazikika, chifukwa cholakwika chili pa mutu wonse;
- pepala lasupuka pamalo a nkhope;
- padutsa mphindi 30 ndipo chigamba cha mthunzi sichikufanana ndi munthuyo.

Kajambuleni mitu 10 ing'onoing'ono, uliwonse mphindi 5, ya kuda kuwiri kokha. Mudzaphunzira zambiri kuposa kulimbana ndi chimodzi chija mpaka usiku.

Pitani kwa wojambula wodziwa kuposa inu, mutatenga zojambula zingapo osati chimodzi, ngati cholakwika chomwecho chikubwerera pa nkhope iliyonse ndipo kalilole sakukuonetsani. Mutu umodzi susenza denga. Chitaninso chimodzimodzi ngati mwalandira ndalama ya kasitomala, tsiku layandikira, ndipo nkhope ikukana. Kupempha mnzanu akuyalireni poyambira n'kwabwino kuposa kukapereka chithunzi cha mlendo pa ukwati wa eni ake.

Pitani kuchipatala ngati:

- mutu umawawa kapena maso amachita chidima nthawi zonse mukajambula, kapena mumatsinzinira kuti muone bwino osati kuti muchepetse zooneka. Mwina mukufunika magalasi, ndipo maso ayezedwe ndi a zamaso, osangogula magalasi pamsika;
- mizere yowongoka, monga ya felemu la chitseko, yayamba kuoneka yokhota mukatseka diso limodzi. Izi musazengereze nazo;
- zala zikuchita dzanzi kapena dzanja likuwawa mpaka usiku;
- fumbi la makala likukutsokomoletsani kapena kukubanikitsani, makamaka ngati muli ndi mphumu. Musamauzire fumbi ndi pakamwa, gogodani pepala panja. Mankhwala opopera oteteza makala apopereni panja, kutali ndi mbaula. Opopera tsitsi omwe ena amagwiritsa ntchito amasandutsa pepala chikasu pakapita nthawi.

Chomaliza chimakhudza ntchito yomwe imabwera kawirikawiri kuno: banja likufuna chithunzi cha malemu, ndipo chomwe ali nacho ndi kachithunzi kamodzi kakale, kofufuma ndi chinyezi, mwina komatirira ku galasi la felemu. Musakamatule, musakapukute ndi madzi, musalembepo mizere yoyezera. Kakaonongeka m'manja mwanu, kwatha, kulibenso kena. Pitani nako ku situdiyo ya zithunzi akakasikane kali momwemo, ndipo inu mugwirire ntchito pa kope. Ngati theka la nkhope linafufutika, auzeni eni ake poyera kuti mbali imeneyo mukhala mukungoganizira. Funsani ngati pali mchimwene kapena mwana wa malemuyo wofanana nawo yemwe angakhale pafupi ndi zenera kwa theka la ola, ndipo muwaonetse achibale chojambulacho chikadali pa zigamba ziwiri zija, musanaike nsidze ngakhale imodzi.